Mzime ndi Bolodi la Katoni

Moni, ana okondedwa. Tiyamike Mulungu amene anatipatsa manja. Manja aang'ono nawonso ndi ake.

Panali mtsikana wina womaliza kubadwa kwawo. Onse ankamutchula kuti Mzime. Mzime ankafuna kusewera drafuti. Achimwene ake anali ndi bolodi logula kusitolo.

"Achimwene, ndisewere nawo?" anafunsa Mzime.

"Ayi! Ndiwe kamwana iwe. Undidetsera bolodi."

"Chabwino. Ndipanga langa!"

Achimwene anaseka. "Iweyo? Ukalipanga, ndisewera nawe."

Amayi awo anali telala. Mzime anathamangira kushopu kwawo. Pansi pa makina osokera panali katoni.

"Amayi, ndipatseniko katoni iyo."

"Tenga, mwanangu. Tepi yoyezera nayi."

Mzime anayeza. Mzime anajambula timabokosi. Mzere uliwonse, timabokosi tisanu ndi titatu. Kenako anatenga utoto wakuda.

"Kakuda, koyera. Kakuda, koyera," ankatero popaka.

Mzere uliwonse anayamba ndi kakuda. Atamaliza, anadabwa. Timabokosi takuda tinalumikizana. Panatuluka mizere italiitali.

Achimwene anasuzumira pakhomo.

"Hede! Wajambula mbidzi! Ikusowa mchira wokha. Ingosiya, Mzime."

Misozi inalengeza m'maso mwa Mzime. Koma anaipukuta msanga.

"Sindisiya! Katoni ili ndi mbali ziwiri."

Amayi anangoyala nsalu ya timabokosi patebulo. Mzime anaiyang'anitsitsa. Analoza ndi chala.

"Amayi, ndaona! Pansi pa kakuda pali koyera. Pansi pa koyera pali kakuda!"

"Ambuye anakupatsa maso, mwanangu," anatero Amayi.

Mzime anatembenuza katoni ija. Anayezanso. Anajambulanso. Mzere woyamba anayamba ndi kakuda. Mzere wachiwiri anayamba ndi koyera. Dzanja linatopa, koma sanasiye.

Amayi anatsegula chitini cha mabatani. Mzime anasankha akuda khumi ndi awiri. Anasankhanso oyera khumi ndi awiri.

"Achimwene, bwerani! Paja munalonjeza."

Achimwene anawerenga timabokosi tonse. Anafunafuna cholakwika. Sanachipeze. Anakanda m'mutu, nakhala pansi.

Anayamba kusewera. Achimwene anadya batani limodzi. Anadyanso lina.

"Wagonja, Mzime?"

"Sindinagonje!"

Batani lina loyera la Mzime linayenda pang'onopang'ono m'mbali. Achimwene sanalione. Linayenda, linayenda, mpaka linafika kumzere womaliza. Batani likafika kumeneko limasanduka mfumu. Amalisanjika batani lina pamwamba.

"Achimwene, ivekeni mfumu yanga chisoti!"

"Kamwana aka!" anadandaula achimwene.

Koma anatenga batani. Analisanjika ndi dzanja lawo lomwe. Amayi anaimitsa makina, nawomba m'manja.

"Mawa tisewerenso," anatero achimwene.

"Inde," anayankha Mzime. "Koma pabolodi langa. Ndipo muyambe mwasamba m'manja!"

Mwana wokondedwa, Ambuye adalitse manja ako aang'onowo. Ukalakwitsa, akupatse mtima wotembenuza katoni ndi kuyambanso.