Diso la Malemu Lindgren

Ine Marlys Hovland sindinapite ku yunivesite, koma mu labotale yathu ya maso ku Duluth munalibe wondiposa dzanja. Ana a madigiri aja maselo ankawafera m'mbale ngati ntchentche. Anga ayi. Pa nthawi ya khofi ndinkanena poyera kuti chimene ndachigwira ine sichifa.

Linali Lachinayi wamba. Sinowo, chipale chofewa chija, anayamba kugwa masana, pofika madzulo misewu inatsekeka. Anzanga anali atathawa kale. Ndikutsuka mabotolo, foni inalira.

"Marlys, galimoto yakana kutuluka pano," anatero Dokotala Thibodeau, mkulu wathu. "Ka a Lindgren kakufunika madzi atsopano lero lomwe. Mutha nokha?"

"Adokotala, mukufunsa ine? Kagoneni."

A Lindgren anali bambo amene anachita khungu ndi matenda osowa, ndipo asanamwalire anapereka maso awo. Ife tinatengako kachikopa kakumbuyo kwa diso, kaja kamalandira kuwala, n'kumakasunga m'mbale. Ka anthu ena kamafota msanga. Aka kanakana kufa, ndipo adokotala ankafuna kudziwa chifukwa chake, poti mdzukulu wa malemuwo nayenso maso anali atayamba kuchita chidima. Lamulo linali limodzi: kachikopako sikaona nyali yoyera, kuwala kumakatentha. Tinkagwira ntchito ndi kanyali kofiira basi, ndipo swichi ya nyali yaikulu inali yomata ndi tepi.

Pakhonde ndinakumana ndi Wendell, mlonda wathu.

"Amayi a dzanja lamwayi! Nokhanokha mumdima muja?"

"Iwe, ndinalera ana atatu ndekha. Bwerera ukasinze pampando wako."

Ndinalowa, ndinatseka chitseko. Ndinavala magolovesi, ndinawapopera spiriti, ndinatulutsa mbale m'kabati yofunda n'kuivundukula. Pa makina oonera, maselo anali ndondondo, onenepa bwino. Mtima unakoma.

Kenako pakhonde panamveka go. Go. Go.

Sikunali kugogoda kwa chitseko. Inali ndodo ikugunda pansi, kumanzere, kumanja.

"Wendell, usandiyambe."

Zii.

Ndodo ija inafika pachitseko. Chitsekocho ndinkachiona, sichinatseguke. Koma kugunda kunapitirira mkati. Kunagunda bini. Kunagunda mwendo wa tebulo. Dzanja linkapapasa khoma pang'onopang'ono. Fungo la jekete lonyowa linadzaza chipinda.

Kunaima kumbuyo kwanga.

"Pepani amayi." Anali mawu a bambo wachikulire, aulemu kwambiri. "Kakadali moyo?"

Ndinadzuka cham'mbali, msana kukhoma, dzanja likufufuza. Chala chinakhudza tepi.

"Chonde musayatse," anatero mawuwo. "Ndingokaona pang'ono, ndizipita."

Ndinkadziwa kuti mbale ili yosavundikira. Ndinkadziwa bwino lomwe. Tepi imeneyo ndinamata ndine, ndipo ndine ndinkakalipira ana a sukulu akangoiyandikira.

Ndinaimatula.

Chipinda chonse mbee! Munalibe munthu. Ndinangomva kamawu kotsitsa, "Aa," ngati munthu amene wapsa ndi tiyi koma sakufuna kuvutitsa eni nyumba.

Kuzimitsa ndinalephera. Kubwerera patebulo kuti ndivundikire mbale, ndinalepheranso. Ndinakwawira pansi pa sinki, ine mayi wamkulu, n'kukumbatira chidebe. Nyali ili ngwee pamwamba pa kachikopa kaja. Ndinkaiona, osadzuka.

Kutacha, adokotala ndi Wendell anandipeza pomwepo. Adokotala anayamba azimitsa nyali, kenako anayang'ana m'makina nthawi yaitali. Maselo onse anali atakwinyika, ena akuyandama.

"Marlys, mwavulala?"

"Ayi."

"Nanga?"

Ndinangoyang'ana magolovesi anga. Akanandikalipira bwenzi zili bwinoko. Iwo anangovula magalasi, n'kupita kukaimbira foni mwana wa malemuwo. Chitseko cha ofesi sanatseke, ndipo ndinamva akunena pepani kangapo.

Ntchito sanandichotse. Ndimatsukabe mabotolo, koma m'chipinda chamdima sanditumanso, nane sindipempha. Khofi ndimamwera m'galimoto.

Wendell amauza aliyense kuti ndi mapaipi otenthetsera nyumba, amagogoda choncho kukazizira. Akuti kamera ya pakhonde sinaonetse munthu. Koma amayi okolopa amanong'onezana zawo, ndipo amasiya akandiona. Akuti m'mawa umenewo anapeza timadontho tamadzi pakhonde, tozungulira ngati nsonga ya ndodo, m'mizere iwiri. Mzere wina unachokera kunja, wowongoka, mpaka pachitseko chathu, ngati wa munthu amene akudziwa kumene akupita. Winawo unkagunda khoma ili, n'kugunda ilo, n'kubwerera, n'kuzungulira pamalo amodzi. Khomo lotulukira sunalipeze.