Chogona M'chitsime cha ku Mapuloti

Munthu amene anamuipitsira mbiri Nasibu ndi Abednego Chibwe wa ku Lusaka, bambo wamimba uja wowotcha nyama pafupi ndi Joubert Park m'tauni ya Joni. Dzina lake liyambe kutchulidwa, chifukwa anthu otere amakonda kubisala kumapeto kwa nkhani.

Onse awiri ankakhala ku Mapuloti, kamudzi ka pamwamba pa phiri kummwera kwa Joni, kumene tala amathera. Kale inali famu ya mzungu. Mzunguyo atachoka, anthu anagawana makola ndi mashedi n'kuwasandutsa nyumba. Khonsolo iliyonse inkakana kuti malowo si ake. Galimoto ya zinyalala sinkakwerako, apolisi sankakwerako, ndipo magetsi okoka mwakuba aja anadulidwa m'chilimwe cha 2015. Madzi onse ankatunga pamodzi, m'chitsime cha simenti chimene mzungu anasiya, chozizira ngati manda, chovundikira ndi chitsulo.

Nasibu, Myao wa ku Mangochi wosamalira maluwa ku Randburg, ankafika pachitsimepo kusanache, chifukwa Msilamu saswali asanasambe m'manja, kumaso ndi kuchukucha m'kamwa. Tsiku lina akuchukucha anamva madzi akuterera pa lilime ngati msuzi wogona. Analavula. Pakati pa mano panatsala katsitsi koyera, kolimba ngati ka bulashi. Anati mwina khoswe wagweramo.

Sanali khoswe. Usiku wotsatira, mphepo ya paphiri itaduka, anamva chitsulo chija chikukhulika pa simenti pang'onopang'ono, ngati chikukokedwa ndi munthu wosafuna kumveka. Kenako chinthu cholemera chinalowa m'madzi, osati kugwa, koma kutsika mofatsa, madzi n'kuti gubu, gubu, n'kukhala chete. Agalu a pa Mapuloti, amene amauwa ngakhale pepala louluka, sanauwe. Ankangolira chapansipansi, ndipo mumdimamo ankamveka akunyambita simenti. M'mawa pa chivundikiro panali bii ndi ntchentche zobiriwira.

Usiku uliwonse zinkachitika chimodzimodzi, ndipo palibe ankatuluka. Ana anayamba kutsegula m'mimba. Woyamba kugona anali Fridah, mwana wa mayi Matildah, mayi wa ku Chipata wochapira anthu zovala. Maso a mwanayo analowa m'kati, khungu ukalitsina osabwerera.

Apa ndi pamene Abednego anatsegula kamwa lake lonunkha. Sankalankhula pagulu, iyayi, ankanong'oneza azimayi pa mzere wa zidebe.

"Ine sindinena munthu. Koma ndani amapezeka pano mdima usanachoke, akudziyankhulira chiyankhulo chosadziwika? Mapepala omata m'tauni aja simuwaona? Sing'anga wa ku Malawi, sing'anga wa ku Malawi. Anthu amenewa sabwera ku Joni chimanjamanja. Tokoloshi wake, kachilombo ka ufiti kaja, amamugoneka mmenemu."

Mawu a bodza sachedwa kumera miyendo. Anthu amene Nasibu ankawabweretsera mbewu za sipinachi kuchokera kwa abwana ake anayamba kukoka ana awo akamadutsa. Madzulo ena Bheki, Mzulu woyang'anira malowo, anabwera kwa Nasibu ndi amuna anzake atanyamula piki. Sanagogode. Anaswa chitseko pakati, n'kugubuduza zonse. Anapeza mkeka woswalira, sizasi yodulira maluwa ndi nsapato zakutha.

"Wena, Malawi," anatero Bheki, akumuloza ndi mpini, "mwana uja akangofa, tikuwotchera momwemu."

Abednego anaima kumbuyo kwa onse, akupukusa mutu ngati wachisoni.

Usiku umenewo Nasibu anakhala pansi m'nyumba yopanda chitseko, ndipo khomo lake linayang'ana kuchitsime. Kunalibe mwezi. Kutali pansi magetsi a Joni ankaphethira, koma paphiri panali mdima woti ungaugwire. Tulo tutagwira mudzi wonse, anaona chinthu chakuda, chotambalala, chikuyenda chowerama pakati pa nyumba, agalu akuchitsata mwaulemu ngati akuperekeza maliro. Fungo linayamba kufika chisanafike chinthucho. Anaganiza zothawa, koma wothawa usiku umenewo akanakhala wavomera.

Anakwawira kwa mayi Matildah, kumene kandulo inali chiyakire.

"Mayi," ananong'ona pa zenera, "tengani foni yanu ya tochi. Mukaone nokha tokoloshi wanga."

"Mukufuna mundiphe ngati mwanayu?"

"Ndikanafuna zimenezo sindikanati mutenge tochi."

Mayiyo anatuluka atagwira mpeni wa ndiwo. Anayenda mopanda nsapato mpaka kuseri kwa chimbudzi. Chitsulo chinakhulika. Mayi Matildah anayatsa.

Anali Abednego, m'kabudula wa m'kati, mimba panja, akutsitsira chiguduli m'madzi ndi chingwe. Kuwala kutamumenya anadzidzimuka, chiguduli chinakodwa pa chitsulo n'kung'ambika. Pa simenti panagubuduka mitu ya nkhumba, maso ali tong'o, makutu atasanduka obiriwira. Panatsatira mapazi ndi matumbo otuwa, akuchucha madzi amafuta amene ankabwerera m'chitsime momwemo. Chidulireni magetsi, fuliji ya mkuluyu inali chitsime cha anthu. Nyama yotsala ku Joubert Park ankaigoneka mmenemo kuti izizire, n'kuivuula Nasibu asanadzuke.

"Mwana wanga wakhala akumwa zimenezi?" anafunsa mayi Matildah, mawu ali pansi.

"Mulamu, imakhala yomanga bwino," anatero Abednego. "Nanga ndikanaitaya yonseyi? Madzi ndi ambiri mmenemu, sizingamveke."

Nasibu anagwada n'kusanza mpaka kutuluka ndulu. Msuzi wa nkhumba ndi umene ankachukucha m'mawa uliwonse, kenako kamwa lomwelo n'kutchula dzina la Mulungu.

Kutacha amuna anakapa chitsime ndi zidebe. Pansi penipeni anapeza mutu wina umene unapulumuka m'chiguduli kalekale, wotupa, ubweya wonse utasosoka, nyama ikusungunuka akaigwira ndi fosholo. Bheki mwiniwakeyo anathawira kuseri kukasanza.

Fridah anachira atamuika madzi a m'botolo kuchipatala. Abednego palibe anamuswera kanthu. Anagulira amuna aja mowa, nkhani n'kusanduka nthabwala. Pamaso pa Bheki analonjeza Nasibu kuti Loweruka abweretsa chitseko chatsopano pa galimoto ya mnzake. Bheki naye pepani sanamutchule, anangoyamba kumulonjera Nasibu kuti "heita, Malawi" ngati palibe chinachitika.

Nasibu sanamwenso madzi a m'chitsimemo. Amanyamula ake m'zigubu kuchokera ku Randburg, kukwera nawo phiri lonse pamsana. Chisanu cha ku Joni chinamupeza atapachika bulangete pakhomo, mphepo ikulowa ngati kwawo. Abednego akuwotchabe nyama pamalo pake, ndipo anthu akugula. Chitseko sanabweretse mpaka lero.