Seva Yachinayi

Tsache anatuluka mu ofesi 1 koloko usiku itadutsa, ntchito isanatheke. Dzina la Tsacheli anamupatsa ndi anzake apantchito, chifukwa mtsikanayu akangoona chinthu chakale mu pulogalamu ankachisesa osafunsa munthu. Anali atagwirapo miyezi itatu yokha, yoyeserera. Ndipo madzulo a tsikulo bwana anali atamuuza mosapita m'mbali: "Ikakwana 7 koloko m'mawa zinthu zikadali chonchi, Lolemba musavutike n'kubwera."

Nkhani yake inali iyi. M'mawa mwake zotsatira za mayeso zinkatuluka, ndipo ana asukulu zikwizikwi akanafunsira pa foni nthawi imodzi. Kompyuta yaikulu yosunga zonse ndi yochedwa ngati ngolo, anthu akaiunjikira imagwa. Ndiye zotsatirazo anazikopera kale m'maseva atatu, makompyuta othamanga amene amasunga zinthu mu memori, kuti aziyankha msangamsanga. Ntchito ya Tsache inali yokazitenga. Pulogalamu yake inkapereka nambala ya mwana kwa laibulale, kapulogalamu kotumidwa kamene kamadziwa seva yoti kafunse, laibulaleyo n'kubwera ndi yankho.

Koma pa ana atatu alionse, awiri ankabwera opanda kanthu. Maseva onse atatu anali amoyo, odzaza bwinobwino. Tsache anafufuza mpaka maso kuwawa, osapeza kanthu. Anaganiza zopita kunyumba, akasambe, agone maola awiri, mwina mutu ungatseguke.

Mlonda wa pageti, bambo wachikulire amene anakalambira pakampani pomwepo, anamuyang'ana modabwa.

"Nthawi ino wapansi, a Tsache? Bwanji osangogona pampando?"

"Ndi pafupi, bambo. Ndikangowoloka mlatho ndafika."

Mlondayo anatsegula geti.

Kunja kunali zii. Mashopu onse anali otseka, foni yake inali itazima, galimoto nayo panalibe ngakhale imodzi. Mvula inali isanagwe kwa miyezi inayi, fumbi linkangolowa m'nsapato. Tsache sankaopa mdima. Chimene ankaopa ndi kukauza mayi ake kuti ntchito ija anaivinira yatha isanayambe n'komwe.

Mlathowo unali wa oyenda pansi, wachitsulo, wokhala ndi getsi limodzi pakati. Munthu akaupondapo umalira. Tsache anayamba kuwoloka, nsapato zake zikuti gwa, gwa, gwa.

"Mwachedwa kuweruka, mwana wanga."

Tsache anacheuka. Pambali pake pankayenda bambo wina wamtali, atavala chipewa chofiira choluka, paphewa atakoleka chingwe cha buluu cha makompyuta, chokulungidwa bwino. M'khosi munali chiphaso cha kampani yawo yomweyo, koma chachikale, chamtundu umene Tsache anangouona pa zithunzi za pakhoma. Mtima unakhalako pansi. Ndi mnzake wa ntchito, mwina wa nthambi ina.

"Ntchito yakanika, bambo," anayankha.

"Siinakanike. Mukugogoda nyumba zolakwika."

Tsache anamuyang'ana. Sanauzepo munthu wa kunja za vutoli.

"Pamndandanda wanu pali maseva angati?" anafunsa bamboyo, maso ali kutsogolo.

"Atatu."

"Alipo anayi."

"Yachinayi inafa kalekale. Ndinaichotsa sabata yatha, inkangodetsa pamndandanda."

"Inafa, inde," anatero bamboyo mofatsa. "Koma woika zinthu uja amaiwerengabe. Ukafuna kupeza chinthu, uziwerenga mmene anawerengera woika."

Tsache anaima. Zinamulowa m'mutu ngati madzi ozizira. Laibulale ija siilota ayi, imachita masamu: imatenga nambala ya mwana, kuigawa ndi chiwerengero cha maseva a pamndandanda, chotsalacho n'chimene chimaiuza kopita. Pulogalamu yoika zotsatira ili ndi mndandanda wakewake, wakale, wa maseva anayi. Imagawa ndi anayi, ndipo za seva yakufayo imazipereka kwa yotsatira. Iye atasesa mzere uja, pulogalamu yake inayamba kugawa ndi atatu. Zinthu zinalipo zonse, iye ndi amene ankakazifuna kolakwika.

Anatembenuka kuti athokoze. Apa m'pamene anamva bwinobwino.

Tho... tho... tho...

Madzi. Ankadontha kuchokera ku jekete la bamboyo. Kuchipewa. Kuchingwe. Munthu yense anali wonyowa, ngati wangovuuka kumene. Tsache anayang'ana pansi pa mlatho. Mchenga wokhawokha.

Anayambanso kuyenda, pang'onopang'ono. Gwa, gwa. Nsapato zake zokha. Bamboyo ankaponda chitsulo chomwecho, ndi nsapato zazikulu zantchito. Osamveka.

Anafika pansi pa getsi. Chithunzithunzi chinagwa chimodzi.

Tsache anabwerera m'mbuyo.

"Musamachotse chinthu chifukwa chakhala chete," anatero bamboyo. Mpweya wake unkanunkha matope. "Kabwezereni. Ine ndikubwera."

Getsi linaphethira kamodzi... Pamlatho panali Tsache yekha!

Mmene anathamangira sakumbuka mpaka lero. Chimene akudziwa n'chakuti miyendo siinapite kunyumba, inabwerera ku ofesi. Anadutsa mlonda pageti osamulonjera, nakwera masitepe awiriawiri. Anatsegula mbiri ya zosintha, pamene pamalembedwa aliyense amene wakhudza pulogalamu. Anapeza zimene anasesa sabata yatha, nabwezeretsa adiresi ya seva yachinayi pamalo pake.

Anayesa nambala imodzi, yankho linabwera. Anayesa zana, onse anabwera. Kenako anayesa nambala za ana zikwi makumi asanu nthawi imodzi, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe wobwera chimanjamanja. Kompyuta yaikulu ija inangokhala phee, osavutitsidwa. Tsache anagwetsa mutu patebulo n'kulira, theka chifukwa cha chimwemwe, theka chifukwa cha mantha.

Mlonda anamupeza choncho, atanyamula tochi ndi kapu ya madzi.

"Mwadutsa ngati akukuthamangitsani. Akuba?"

"Ayi, bambo. Pamlatho paja ndakumana ndi munthu wa kampani ino. Wandithandiza ntchito."

Mlondayo anaika kapu patebulo mosamala kwambiri.

"Wa chipewa chofiira? Chingwe cha buluu paphewa?"

Tsache anangogwedeza mutu.

Mkuluyo anakhala pampando wa bwana, chinthu chimene anali asanachitepo chiyambire ntchito.

"Amenewo ndi a Mazingwe. Maseva onsewa anaika ndi iwo, ndi manja awo. Papita zaka zisanu ndi chimodzi. Usiku wina kunagwa chimvula, mphenzi inaotcha seva imodzi, ndipo amene ndinawaimbira foni ndine. Anati ndisatseke geti. Ndinadikira mpaka kunja kunacha." Analoza kumene kuli mlatho. "Mtsinje unali utasefukira pamwamba pa mlatho. Tinawapeza patapita masiku atatu, chingwe chikadali paphewa. Sevayo palibe amene anaikonzanso."

Tsache anatembenukira ku kompyuta. M'mbiri muja munali mutatsala mzere wina umene anausesa limodzi ndi adiresi ija. Unali mzere wa mawu chabe, wolembera anthu, umene makina sawerenga, n'chifukwa chake sanavutike kuubwezeretsa. Tsiku lomwe anauchotsa sanauwerenge n'komwe. Tsopano anayang'ana deti lake, nafunsa mlonda tsiku la chimvula chija. Linali lomwelo, nthawi ya 1 koloko usiku. A Mazingwe anaulemba ali kunyumba, asananyamuke.

Unali wakuti: "Musachotse seva iyi. Ndili m'njira, ndikubwera kudzaikonza."

Tsache anaubwezeretsa pamwamba pa adiresi ija, chilembo ndi chilembo. Mlonda anatsika kukatsegula geti, ndipo analisiya chotsegula mpaka kunja kunacha.