Kumbuyo kwa Malume

M'nyumba ya a Lombe ku Ndake mtendele unatha tsiku limene kalata ya chipani inafika. Munali mu 1982. Kalatayo inati Lachinai makhansala onse akumane ku boma ku Petauke, asankhe mmodzi wokaimila chipani mu komiti ya malo. Komitiyo ndiyo inkagamula midzi yoti isamukile kumseu.

Ofuna mpandowo anali awili. Wina anali Wilbroad Lombe, mwamuna wa Rhoda, munthu wa ku Mpika amene anabwela ngati mphunzitsi, nakwatila, nakhala pachikamwini zaka khumi ndi zinai mpaka anthu anamusankha ukhansala. Wina anali a Stanislaus Daka, khansala wa ku Luembe, malume ake a Rhoda, amene anamulela bambo ake atamwalila. Rhoda naye anali ndi voti, poti ankaimila amai a chipani mu khonsolo. Vuto lonse linali pamenepo.

"Amake Ennie," anatelo Wilbroad, "zaka zonsezi ndikulima munda wa amai anu. Nkhuku yoweta ndekha, ndikafuna kupha ndiyambe ndapempha. Ndikalowa mu komiti mudzi uno upita kumseu, ndikamange nyumba yanga pamalo anga. Mukaime kumbuyo kwanga."

"Nanga malume?"

"Munakwatiwa ndi malume?"

Tsidya lina la bwalo amai ake a Rhoda, a Olipa, anali ndi zao. "Agogo ako agona kuseli kwa mitondo uko. Tiwasiyile nguluwe, ife tikadye fumbi la malole? Ukakaima kumbuyo kwa mlendo, pakhomo panga usadzapondenso."

Mkamwini ndi apongozi salankhulana maso ndi maso, choncho mau onsewa ankanyamula Rhoda. Masiku atatu anayenda uku ndi uku, kuchotsako zowawa m'njila. Sizinathandize. Lachitatu anati mutu ukumupweteka, sapita. Mwamuna wake anati amukweza panjinga mpaka pabasi. Amai ake anamubweletsela mankhwala a mizu. Onse awili sanafunse ngati mutuwo ukupwetekadi.

Kusankhako kunalibe mapepala. Ofuna mpando ankaima kutsogolo atayang'ana khoma, osankha n'kufola kumbuyo kwa amene akumufuna, kalaliki n'kuwelenga mitu. Osankha anali makumi awili ndi atatu. Anthu anadzuka, mabenchi analila, mizele inakula: khumi ndi mmodzi uku, khumi ndi mmodzi uku. Pabenchi panatsala Rhoda yekha.

M'basi anali atagamula kale mumtima. Ana atatu amafuna bambo wao. Anamanga chitenje n'kudzuka kupita kwa mwamuna wake. Koma benchi ya amai inali mbali ya malume, ndipo njila inadutsa pafupi nao.

"Rhoda," anatelo a Daka chapansipansi, osacheuka n'komwe.

Kuyambila ali wamng'ono, Rhoda anali asanayankhepo malume ake ali chilili. Anagwada pomwepo kumbuyo kwao, manja pamodzi. "Wawa, malume."

A Daka anangoyang'ana khoma.

"Khumi ndi awili!" anafuula kalaliki. "A Daka apambana!"

Rhoda anadzuka mofulumila. "Iai, bambo, ine ndimangoyankha. Ndimapita uko!"

"Amai, tawelenga kale," anatelo wapampando. "Tili ndi makomiti ena anai, ndipo basi ya ku Nyimba siidikila munthu."

Anthu anaomba m'manja. Wilbroad anatembenuka, naona mkazi wake ali mumzele wina, fumbi lili m'mabondo. Anatenga chipewa n'kutuluka.

Panja Rhoda anawapeza malume pansi pa mtengo wa mango, akulandila moni. Anawagwila jekete, misozi ili mbwee.

"Malume, chonde kawauzeni. Mukudziwa kumene ndimapita."

"Ine ndinangokuitana, mwana wanga. Kugwada wagwada wekha."

"Nanga mumafuna kundiuza chiani?"

"Ndaiwala," anatelo a Daka, n'kupatsa wina dzanja.

M'mawa mwake Wilbroad anatulutsa sutikesi imene anabwela nayo kuchokela ku Mpika. Anaikamo malaya, mabuku ndi lezala. Kunyumba kwa a Olipa kunkamveka nthungululu.

"Atate ake a Ennie, ndikulumbila, ndimabwela kwa inu. Bondo linangogwada lokha."

"Ndikudziwa."

"Ndiye mukupitilanji?"

"Chifukwa chomwecho. Mukanachita dala, tikanakangana, mawa n'kukhululukilana. Koma inu munasankha ine, ndipo sizinathandize. Munthu wangotchula dzina lanu, basi. Ndikhale zaka zina khumi ndi zinai kudikila chiani?"

"Titengeni tonse. Ndipita nanu ku Mpika lelo lomwe."

"Ana akupatsani malume anu?"

Kuno ana ndi a kuchikazi, ndipo onse awili ankadziwa kuti a Daka sangalole ngakhale mmodzi kuwoloka Luangwa. Ankadziwanso kuti Rhoda sangapite kusiya ana. Rhoda anagwila sutikesi ndi manja awili, akulila mokweza. Wilbroad anamasula zala zake chimodzichimodzi, mosakalipa, n'kutuluka. Chitseko anachimenyetsa mpaka dothi linagwa pakhoma.

Pabwalo anaima, navula chipewa, nayang'ana pansi monga mkamwini wa ulemu. Analankhula kwa mkazi wake, koma mokweza kuti amve a tsidya.

"Amake Ennie, muwauze amai kuti khasu lao ndasiya m'nkhokwe."

Nthungululu zinaleka. Rhoda anakhala pansi pakhomo, osapukuta misozi, kumuyang'ana akukankha njinga m'kanjila ka m'munda wa thonje mpaka anabisika.

Mudzi sunasamuke. Anasamuka munthu mmodzi.