Mwezi wa Zubair

Zubair anagwada pafumbi kuseri kwa golosale ya amalume ake kwa Mponda, diso lili kumatako kwa telesikopu, koma sankaona kanthu. Dzuwa linali paliwombo, kukhosi kuli gwa, pakuti linali tsiku la 29 la Ramadani. Madzulo ake aliyense amayembekezeka kuyang'ana kumwamba: mwezi ukaoneka, mawa ndi Idi, ukapanda kuoneka, kufunga kupitirira tsiku lina. Tsono Zubair, amene pakamwa pake pankathamanga kuposa miyendo, anali atalengeza kale msika wonse kuti chaka chino woyamba kuona mwezi akhala iyeyo.

"Aphunzitsi atibwereka chakufa," anadandaula motero.

Mlongo wake wamkulu, Abiba, anaseka mpaka kugwira m'mimba. Tsiku limene aphunzitsi a sayansi ankafotokoza za chipangizochi, iye ankamvetsera pamene Zubair ankakamba za mpira.

"Safunsa anadya phula," anatero Abiba. "Kumeneko kuli kalilole. Kuwala kumalowera kukamwa uku, kukagunda kaliloleyo, n'kubwerera pa kena kakang'ono. Iwe uziyang'anira pambali apa."

Anatambasula miyendo itatu ya telesikopuyo, kumanga mabawuti, n'kulowetsa kagalasi koonera. Zubair atasuzumira anakuwa kuti mlambe waima chamutu.

"Ndi mmene imaonetsera, kumwamba kulibe mutu kapena miyendo," anatero Abiba. "Tsopano tilunzanitse kachubu kolozera aka ndi chubu chachikuluchi. Timasankha chinthu chakutali chosayenda, kuti zonse ziwiri ziziloza pamodzi. Koma dzuwa usayerekeze, lingakuphe maso."

Mawuwa anagwera pansi. Zubair anali ataona anzake pamsewu, ndipo anathamanga kukawaitanira chionetsero chamadzulo. Abiba anamaliza yekha, anatseka chivindikiro, n'kufunditsa telesikopuyo chitenje, kenaka anapita kukathandiza amayi kukonza futali.

Dzuwa litalowa, anthu atamasula kufunga ndi zipatso za tende ndi madzi n'kuswali, kuseri kwa golosale kunadzaza. Amalume a Zubair aja, a Mustapha, anafika ndi foni m'manja, chifukwa ashehe anawauza kuti wina akaona mwezi awaimbire msanga. Zubair anavundukula chitenje chija modzikuza, n'kuchotsa chivindikiro. Kachubu kolozera sanakalabadire, anangoika diso pagalasi.

Kamwezi kowonda, kowala, kanali pakatikati penipeni ngati kamudikira.

"Mwezi! Ndauona mwezi!"

Ana anabalalika akukuwa kuti mawa ndi Idi. Kuseri kwa mpanda kunamveka nthungululu, ndipo amayi a Zubair anafuula kuti tambala wofiira uja agwidwe asanakwere mumtengo. Anzake a Zubair anakankhana kuti aone nawo, koma iye anatambasula manja.

"Osagwira! Mungausokoneze."

"Waonadi, mphwanga?" anafunsa a Mustapha. "Maso angawa atha, ndikhulupirira iwe. Komatu umboni wa mwezi si masewera."

"Ndauona ndi diso langali, amjomba."

A Mustapha anayamba kufufuza nambala ya ashehe. Zubair, chimwemwe chitadzaza tsaya, anabwerera pagalasi n'kupotokola kagudumu kuti chithunzi chioneke bwino. Mwezi uja unawala mokongola zedi. Kenaka nkhunda inatera pa mweziwo, miyendo m'mwamba, n'kuyamba kudzikanda kuphiko.

Zubair anaphethira kawiri. Nkhundayo sinachoke. Mwakachetechete anasuzumira m'kachubu kolozera kaja, ndipo anaona nsanja ya mzikiti wakutali, babu likuyaka, pansonga pake pali kamwezi kachitsulo. Apa ndi pamene Abiba analunzanitsira masana aja.

Manyazi anamugwira. Palibe wina amene anaona. Akanatha kungogunda chubu ndi chigongono n'kunena kuti mwezi walowa, ndipo mawa msika wonse ukanamuwombera m'manja. Koma anayang'ana amayi ake, amene anafunga masiku onsewa akugulitsa usipa padzuwa. Kodi iwo ndi mudzi wonse adye masana a tsiku lofunga chifukwa cha pakamwa pake? Foni ya amalume inali itayamba kale kuitana.

"Amjomba, dulani! Dulani foniyo!"

Aliyense anatembenuka.

"Si mwezi," anatero Zubair. "Ndi kachitsulo ka pamzikiti. Sindinayambe ndayang'ana m'kolozera. Ndalakwitsa ndine."

A Mustapha anadula foni, anavala magalasi awo, n'kuwerama pa telesikopu. Anakhala pamenepo kanthawi, mapewa n'kuyamba kugwedezeka.

"Subhanallah! Zaka makumi asanu ndi limodzi ndili ndi moyo, sindinaonepo mwezi woweta nkhunda!"

Phwete linaphulika. Anthu anachita mzere kuti aone nkhunda yoima chamutu, ndipo tambala uja anamasulidwa, nathawa akulalata. Abiba, amene anafika ndi chikombe m'manja, anaseka mpaka misozi. Zubair ankangofuna nthaka itang'ambika, koma amalume ake anamugwira paphewa.

"Ukanakhala chete ndikanakanamiza ashehe ndine. Tiye, tiufune weniweniwo."

Anaufuna mpaka kufiira kwa kumadzulo kutazilala, koma sanaupeze. Wailesi nayo inalengeza kuti sunaoneke kulikonse, choncho anthu anafunga tsiku la 30. Kumsika tsiku limenelo, aliyense wokumana ndi Zubair ankamufunsa ngati nkhunda zake zadzuka bwino.

Madzulo ake Zubair anaimikanso telesikopu, Abiba ali pambali. Anayamba ndi kachubu kolozera, akuyendetsa chubu pang'onopang'ono kudutsa mlambe, kudutsa nsanja ya mzikiti, mpaka kamwezi kenikeni kanalowa pakati. Anakonza kagudumu, nayang'anitsitsa. Kenaka anasuntha.

"Abiba, tsimikiza. Amayi, bwerani muone."

Abiba anasuzumira n'kugwedeza mutu. Amayi anapukuta manja pachitenje, natseka diso limodzi, ndipo anakhalitsa pagalasipo kuposa wina aliyense.

"Pali nkhunda?" anafunsa Zubair chapansipansi.

"Palibe, mwanangu," anatero amayi osachotsa diso. "Kagwire tambala uja."