Mtolo wa Chingwe Chakuda

Madzulo amenewo mayi Loyce ankachokera ku mjigo ndowa ili pamutu, pakuti mipopi ya ku Budiriro, mu Harare, inaiwala kalekale ntchito yake. Atalowa pageti anapeza amuna awo, bambo Mailosi, akusisita chimakina chobiriwira ngati khanda.

Chipumireni pantchito ku fakitale ya ku Willowvale, bambo Mailosi ankadyera udzu. Ankatchetcha m'madambo, kumanga mitolo ndi makina okokedwa ndi thirakitala yobwereka, n'kumagulitsa kwa oweta ng'ombe. Makina awo akale atatheratu, anamva za mkulu wina ku Caledonia amene ankagulitsa ake pamtengo wozizira. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, koma wanjala sayamba wang'amba nkhuyu.

"Wogulitsayo sanavute?" anafunsa mayi Loyce.

"Ayi. Anangoti ndimange ndekha mfundo pachingwe cha makinawa, ndilavulirepo."

"Inu n'kulavulira?"

"Ndimayesa ndi mwambo wa Ashona. Ndikanafunsa akanandiseka kuti ndine mlendo."

Munthu wobadwira mu Harare momwemo kwa makolo ochokera ku Malawi, imvi mbuu, koma kuopabe kutchedwa mlendo!

Tsiku lotsatira dzuwa likulowa, magetsi atazima monga mwa masiku onse, makina aja anatsokomola. Gu! Gu! Gu! Thirakitala panalibe. Pabwalo panamveka fungo la dothi lonyowa, la manda ongokumbidwa kumene. Kenaka kumbuyo kwake kunagwa mtolo umodzi womangidwa ndi chingwe chakuda, chonsecho iwo anaikamo chabuluu. Atadula, pakati pa udzu anapeza mpango wa mayi Zodwa, ogulitsa tomato patsidya pa msewu.

Sabata isanathe mayi Zodwa anamwalira akulira kuti china chake chikuwamanga pachifuwa ndi m'chiuno. Mu mtolo wachiwiri munatuluka chipewa cha Albert wometa tsitsi, ndipo naye anapita akulira mawu omwewo. Ku mjigo anthu anayamba kunong'ona kuti m'makinamo muli ndondocha, anthu ophedwa m'matsenga amene amagwira ntchito osapuma, ndipo malipiro awo ndi mitu ya anthu. Ndowa ya mayi Loyce ankaikankhira kunja kwa mzere ndi phazi. Abusa anabwera kudzapemphera, koma makina atangoti gu, anasiya nyimbo pakati.

Bambo Mailosi anathira petulo n'kuyatsa, moto unakana. Anathamangira ku Caledonia, anapeza nyumba ija ilibe denga ndi zitseko.

"Anasamuka tsiku lomwe munagula lija," anatero mayi wina woyandikana nayo. "Anali ataika ana awiri m'manda. Chinthu chimenecho sichitayidwa, sekuru. Chimachoka pokhapokha wina agule, amange mfundo yake."

Anabwerera kwawo. Pofika pakhomo anapeza mtolo wachitatu uli pansi, nsonga ya chitenje cha akazi awo ikusuzumira mu udzu. M'nyumba mayi Loyce anali atagwira pachifuwa.

"Bambo a Clever, chandimanga."

"Limbani mtima, mayi."

"Musagulitse. Wogulayo nayenso ali ndi ana."

Bambo Mailosi anali mkhristu, ndipo ankadziwa bwino lomwe kuti kugulitsa makinawo n'kupha munthu. Analira ngati mwana. Koma mkazi amene wakhala naye moyo wonse akamabanika pamaso pako, chikhristu chimachepa. M'mawa anakokera makina aja kwa mkulu wina wogulitsa zitsulo zakale m'mbali mwa msewu, namuuza kuti aliyense wogula ayambe wamanga mfundo n'kulavulira. Sanafune kudziwa dzina la amene adzagule.

Patapita masiku angapo mayi Loyce anadzuka n'kupempha tiyi. Pakhomo panabwerera kuseka, ngakhale bambo Mailosi sankayang'ana anthu kumaso. Mwana wawo Clever, amene ankagwira ntchito pafamu kunja kwa mzinda, sanamuuze chilichonse chifukwa cha manyazi.

Loweruka masana kunja kunalira hutala. Anali Clever pathirakitala, kamwana kake Vimbai kali pamwendo, kumbuyo akukoka makina opakidwa penti yofiira yatsopano.

"Baba, ndinamva kuti akale aja anafa. Ndakugulirani ena!"

Bambo Mailosi anayandikira. Pansi pa penti yofiirayo pankaoneka zobiriwira.

"Unamanga mfundo?"

"Eya, ndi kulavulira komwe. Wogulitsayo anati anamuuza ndi mdala wina wa ku Malawi. Ndinati ndi mwambo wathu, ndisachititse manyazi."

Thirakitala inali itazima, koma makina anatsokomola. Gu! Gu! Fungo lija linadzaza pabwalo, mtolo n'kugwa. Vimbai anathamangira kwa agogo ake akutsimphina, phazi limodzi lili lopanda nsapato.

"Sekuru, nsapato yanga ina mwaiona?"