Kapini Kamene Ndinabisa M'thumba

Kufikira Loweruka lathali, panalibe munthu amene ndinamuuzapo zimenezi. Amayi sakudziwa. Mnzanga wapamtima amene tinkakhala desiki imodzi kusukulu sakudziwanso. Ine si wolankhulalankhula, choncho ndingolemba mmene zinachitikira. Usiku wina ndinachoka ku garaja ya bambo anga mochedwa, nditakwiya, m'thumba la jekete langa muli kachitsulo kamene kakanawapha.

Bambo ndi makanika. Kuseri kwa garaja yawo kuli kashedi kamalata, ndipo m'menemo munakhala Dona kwa zaka zisanu. Dona ndi galimoto. Yakalekale, yofiira, yamipando iwiri, yopanda denga, yotsika moti ukakhalamo umangomva ngati wakhala pamsewu penipeni. Tsiku limene anaikoka kubwera nayo inali chigoba cha dzimbiri, kutsogolo kutaphwanyika, pansi pa mipando pali matope ouma. Sananene kumene anaitenga. Anangoyamba kuipala, kuiwotcherera, kuisakira zitsulo kwa anthu akutali. M'chitseko chake anapezamo golovesi imodzi yachikopa, yakumanzere, yobooka pa mfundo za zala. Anaipachika pa msomali ndipo palibe ankaloledwa kuigwira.

Poyamba amayi ankafunsa moseka kuti, mkazi mnzanga wadzuka bwanji lero? Chaka chachitatu anasiya kuseka. Chachinayi anasiyanso kufunsa.

Ine ndinalowamo chifukwa cha manja. Manja anga ndi aang'ono, amalowa pamene a bambo sakwana. Dzina langa anachita ngati analiiwala. Ndinali Kasipanala basi. Kasipanala gwira apa, Kasipanala unika uko. Anyamata a pagarajapo anatengerapo, mpaka wogulitsa mafuta kutsidya kwa msewu ankandiitana choncho.

Pagaraja pa bambo pali malamulo atatu. Chilichonse chimene wamasula uchiike m'mbale yachitsulo, ndipo ntchito ikatha mbaleyo ikhale yopanda kanthu. Nati iliyonse imene wamanga n'kuikhoma uidonthezere penti yachikasu. Lachitatu ndiye lija anyamata ankaliseka: pasapezeke thumba. Maovolosi onse, kuyambira ya bambo, matumba ake ndi osokedwa. Amayi ndiwo ankasoka. Anyamata ankati abwana amaopa kuberedwa masipanala, wina ankati amaopa kuti tingapumitsemo manja.

Chimene chinandikwiyitsa mwina ena angati n'chaching'ono. Tsiku lotsanzikana kusukulu anandisankha kuti ndilankhule m'malo mwa anzanga onse. Ine, amene mphunzitsi akandiloza lilime limauma. Milungu itatu ndinkayeseza kubafa, madzi akutuluka pampopi kuti wina asandimve. Bambo analonjeza kawiri kuti abwera. Nditaima kutsogolo, pepala lili m'manja, ndinaona amayi, ndipo pambali pawo mpando uli mbee. Madzulo bambo anandiuza kuti nyale za Dona zinafika tsiku lomwelo, munthu wake sakanadikira. Ankalankhula maso akuwala. Sanafunse n'komwe kuti ndinalankhula bwanji.

Sindinawayankhe. Ine sindiyankha. Ndimangosunga.

Patapita miyezi iwiri Dona anatha. M'mawa mwake ankayenera kupita kukayezedwa kuti apatsidwe chiphaso choyendera pamsewu, ndipo bambo ankati aiyendetsa okha. Inatsala ntchito imodzi, kumanga ndodo imene imachokera ku chiwongolero kukagwira tayala lakutsogolo. Pa mapeto a ndodoyo pamakhala nati, ndipo natiyo imakhomedwa ndi kapini kochepa ngati msomali, kamiyendo iwiri. Umakalowetsa pabowo n'kukapinda miyendo. Popanda kapiniko nati imamasuka pang'onopang'ono galimoto ikamagwedezeka, mpaka tayala limasiya kumvera woyendetsa.

Msana wa bambo unali utakana tsiku limenelo, ndiye pansi ndinalowa ndine. Ndili chagada, sipanala m'manja, ndinawamva akusisita boneti. Sankalankhula ndi ine.

"Mawa, Dona. Mawa ndi tsiku lalikulu kuposa onse pa moyo wanga."

Kuposa onse. Kuposa limene anakwatira amayi, kuposa limene ndinabadwa ine. Mtima unandiwawa mpaka m'makutu munalira. Ndinamanga nati ija mosalimbitsa, ndinaidonthezera penti yachikasu bwinobwino, kapini ndinakaika m'kamwa.

Anandifunsa ngati ndakhoma. Ndinayankha ndi kummero kuti mmm. Anawerama pang'ono ndi tochi, anaona kadontho kachikasu. Anayang'ana m'mbale, munalibe kanthu. Anati ndimakudalira Kasipanala, n'kubwerera kwa Dona wawo. Nditavula ovolosi n'kuvala jekete, ndinalavulira kapini m'dzanja n'kukaponya m'thumba.

Anati ndidikire andiperekeze, angopukuta kaye galasi. Ndinakhala pa tayala lakale pakhomo theka la ola, iwo akupukuta, akuimbira muluzu. Kenako ndinangonyamuka. Sanatembenuke.

Kuchokera pagaraja msewu umatsetsereka kwambiri, umakhota, n'kufika pa mlatho. Kwathu n'kutsidya. Magetsi amathera pa malo ogulitsira matabwa, kuchokera apo ndi mdima. Ndinkayenda mofulumira, ndikutukwana chamumtima. Ndinkadziuza kuti nati igwa akadali pageti, galimoto ikagunda mpanda, anthu aseka, iwo amva mmene manyazi amawawira. Ndinkafuna Dona afe. Za amene akhale pampando ndinkakana kuziganiza, ngakhale mapazi anga ankamva mmene chitsetserekocho chikukokera.

Nditakhota, mphepo inasintha. Kunazizira. Agalu amene ankauwa kumbuyo anangoti zii.

Kenako fungo. Petulo, ndi matope a pansi pa madzi.

Pakati pa mlatho, pamene zitsulo za m'mbali zili zatsopano kusiyana ndi zinzake, panali munthu. Anali atagwada, akufufuza pansi ndi manja. Analibe tochi. Ndinati mwina ndi woledzera. Ndinawolokera mbali inayo, maso pansi, monga ndimachitira ndi anthu onse.

"Mtsikana iwe."

Ndinaima. Sindinafune, miyendo ndiyo inaima.

"Tandithandiza. Ndataya kanthu."

Anali mnyamata wa zaka mwina makumi awiri. Malaya oyera a kolala yaikulu, onga a m'zithunzi zakale. Anali atanyowa. Mvula inali isanagwe miyezi inayi, koma iye madzi ankangoti tho... tho... tho, kuchokera m'tsitsi, m'manja mwa malaya, m'kamwa.

Ndinafunsa ndi mawu ochepa kuti ataya chiyani.

"Kapini. Kochepa chonchi." Anasonyeza ndi zala ziwiri. "Achimwene anati aikamo. Ndinawafunsa kawiri. Anati pita, usandichedwetse."

Dzanja langa linathamangira lokha m'thumba. Kapini kanali kozizira ngati kachoka m'madzi oundana.

Iye anadzuka. Sanagwire pansi, sanapinde bondo. Anangopezeka waima. Khosi lake linali lopendekera mbali imodzi, mopitirira mmene khosi limapendekera. Anandiyang'ana nkhope, kenako jekete. Maso anakhala pathumba.

"Kali m'menemo."

Ndinapukusa mutu.

"Usandinamize!" Mawu ake anamveka ngati akuchokera pansi pa mlatho. "Inu a m'banja mwathu ndi matumba anu! Kodi simutopa?"

Ndinafuna kuthawa. Miyendo inali ya eni ake.

Anayandikira. Phazi silinamveke. Anatambasula dzanja lamanja, ndipo ndinaliona... Golovesi yachikopa. Yobooka pa mfundo za zala. Dzanja linalo linali lopanda kanthu.

Anandigwira pamkono. Kuzizira kwake kunalowa mpaka m'mano. Ndipo ndinamva, osati ndi makutu, koma m'manja mwanga momwe: chiwongolero chikungozungulira chopanda kulemera, ngati mbale. Chitsetsereko chikukoka. Zitsulo za mlatho zikubwera. Ndikupotoza, tayala silikumva. Ndikupotozanso... Madzi!

"Pano sipakwana awiri," anatero, tsopano motsitsa. "Ndatopa kudikira ndekha, koma achimwenewo sindikuwafuna pano. Wamva? Bwerera."

Anandisiya. Ndinagwa chokhala. Pokweza maso panalibe munthu. Pansi pokha panali ponyowa, ndi mkono wanga.

Ndinathamanga chitunda chonse chija osapuma. Ndinataya nsapato imodzi, sindinaitole. Pagaraja ndinapeza bambo atagona pa mpando wakale wa basi umene uli mu ofesi, kansalu kopukutira kadakali m'manja. Ndinatenga tochi, ndinalowa pansi pa Dona ndi jekete langa lomwelo. Kapini kanandigwa katatu. Ndinalimbitsa nati, ndinakalowetsa, ndinakapinda miyendo. Ndinakagwira, ndinakagwiranso. Potuluka ndinaunika pa msomali. Golovesi yakumanzere inali pomwepo, ndipo kunsonga kwa chala chake kunkadontha madzi.

Ndinakhala pa tayala lija mpaka kunacha. Bambo podzuka anadabwa kuti ndalawira chotere, anati nawenso tulo takukana eti. Dona anapita, anabwera ndi chiphaso pagalasi. Anyamata anaimba m'manja, wina anavina ndi jeke. Ine ndinapita kuseri kukasanza.

Milungu itatu sindinanene kanthu. Mkwiyo sunathe, musaganize choncho. Unangosakanikirana ndi china cholemera kuposa mkwiyowo. Ndikawaona bambo akudya, akutsokomola, akusaka magalasi amene ali pamutu pawo, ndinkaganiza kuti iwowa akanakhala pansi pa mlatho chifukwa cha ine. Kenako ndinkakumbukira mpando uja wopanda munthu, n'kukwiyanso. Kusukulu sanatiphunzitse kuti zinthu ziwirizi zingakhale mu mtima umodzi.

Loweruka lathali masana bambo anandiitana. Anandiitana ndi dzina langa lenileni, moti poyamba sindinatembenuke. Anati ndikwere. Aka kanali koyamba kukhala pampando wa Dona injini ikulira. Ndinaona kuti golovesi aichotsa pamsomali, ili pamiyendo pawo. Tinatsika chitsetsereko pang'onopang'ono, ine nditagwira chitseko ndi manja onse. Pa mlatho, pa zitsulo zatsopano zija, anaima.

Anayang'ana madzi. Kenako anayamba kulankhula, maso ali pachiwongolero. Anati anali ndi mng'ono wawo. Ine sindinamvepo, zithunzi zake anazichotsa ndisanabadwe. Galimotoyi inali ya mng'ono wawoyo, anaigula yakutha, ndipo awiriwo ankaikonza madzulo akaweruka. Tsiku lina, zaka makumi awiri ndi ziwiri zapitazo, mnyamatayo ankathamangira kukaonetsa galimoto kwa mtsikana amene ankamufuna. Bambo ndiwo anamanga ndodo ya chiwongolero. Mnyamatayo anawafunsa kawiri ngati akhoma. Anthu anamuvuula m'madzi m'mawa mwake, pansi pomwe tinaimapo, golovesi imodzi ili m'dzanja.

Anachotsa kiyi wa garaja m'khosi. Pachingwe chake pamalendewera kachitsulo kadzimbiri kamene ndakhala ndikukaona moyo wanga wonse osafunsa.

"Ndinakapeza m'thumba la ovolosi yanga, tsiku la maliro. Ndinaiwala, mwanawe. Wina anandiitana, ndinakaika m'thumba, ndinaiwala." Anapukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja. "Ndinati ndikaidzutsa galimotoyi, ikawoloka mlathowu ili yathunthu, mwina andisiya ndigone. Ndikudziwa zimene yakudyerani, iwe ndi amayi ako. Za kusukulu zija ndikuzidziwa. Koma iwe sunandigwiritsepo mwala. Mbale yako siinatsalepo kanthu."

Anandigwira paphewa. Ndikanatha kungokhala chete. Kukhala chete ndi ntchito yanga, ndimaidziwa kuposa sipanala. Iwo akanagona bwino, ine ndikanasunga, monga iwo anasungira zaka makumi awiri ndi ziwiri mpaka kunatidya tonse m'nyumba. Ndinayang'ana pamkono panga pamene panagwiridwa paja. Dzuwa linali likuswa mtengo, koma pamenepo pankazizirabe.

"Bambo, zimitsani injini."

Anazimitsa. Madzi okha ndiwo ankamveka pansi. Ndinalankhula monga tsiku la kusukulu lija, koma ulendo uno mpando wa pambali panga unali ndi munthu.

"Usiku uja mbale inali yopanda kanthu chifukwa kapini kanali m'thumba mwanga. Ndinakabwezera inu mutagona, mng'ono wanu atandibweza pa mlatho pano. Inu munaiwala, bambo. Ine sindinaiwale. Ndinachita dala."